MWANA WAMWAMUNA AKABADWA MACHENDE OSATSIKA

Sabata ino tifuna kukamba nanu nkhani imene anthu sakonda kuikamba pabwalo. Tipempha akulu-akulu atikhululukire ngati titchula zinthu ndi maina ache eni-eni, pakuti dotolo sangachize nthenda imene eni ache achita manyazi kuitchula. Makolo athu anati mbewa ya manyazi inafera ku una. Nkhani yache ndi ya ana aamuna amene abadwa thumba la machende liri lopanda kanthu mbali imodzi, kapena mbali zonse ziwiri.

Kawiri-kawiri woyamba kuona ndi mai posambitsa khanda. Aona kuti mbali imodzi ya kathumba njodzala, koma mbali ina njofwapha. Mtima ukamubvuta apita kukanong'oneza agogo a mwana, ndipo agogo amuyankha kuti asade nkhawa, chidzatsika chokha mwana akamakula. Bambo sauzidwa kanthu, malume a mwana sauzidwanso. Mwana ayamba kukwawa, aleka kuyamwa, ayamba sukulu, ndipo nkhani iiwalika. Idzatulukiranso tsiku limene mnyamata asamba ndi anzache kudambo namuseka, kapena atakula, pamene wakhala pa banja zaka zisanu popanda mwana ndipo abale ayamba kuloza zala mkazi wache amene alibe mlandu uli wonse.

Zonsezi zingathe kupewedwa ndi opareshoni yaing'ono imene itenga ngati ora limodzi, malinga ichitike mwana akali wamng'ono.

ALIMI AKUCHIDZIWA KALE CHINTHUCHI

Inu amene muweta mbuzi kapena nkhumba munachionapo. Tsiku lofula ana a nkhumba, mupeza kamodzi kali ndi tchende limodzi lokha. Mufufuza bwino-bwino koma linalo osaoneka. Mukachotsa limodzilo, nkhumbayo ikula ndi makhalidwe a mphongo ndithu, ibvuta zinzache m'khola, ndipo nyama yache inunkha fungo la mphongo. Tsiku lakuipha mupeza tchende lija liri m'kati mwa mimba, laling'ono ndi lofewa. Silinasowe ai, linangoima panjira.

Chimene chichitika kwa ziweto chichitikanso kwa anthu. Palibe mlimi amene anena kuti kankhumba kotere kalodzedwa. Chotero tisanenenso zotere za mwana.

ULENDO WA MACHENDE

Mwana wamwamuna ali m'mimba mwa mai wache, machende sayambira m'thumba. Ayambira m'mwamba, m'kati mwa mimba ya mwanayo, pafupi ndi impso. Miyezi ikamapita atsika pang'ono-pang'ono kufikira m'chinena. Pamenepo pali kanjira kopapatiza kopyola m'mnofu wa mimba, kamodzi kumanja, kamodzi kumanzere. Kuyambira mwezi wa 7 wa pakati, machende alowa m'tinjirato natsikira m'thumba, akukoka mitsempha yao ya magazi pamodzi ndi kamtsempha kamene kadzanyamula mbeu mwanayo akadzakula.

Ulendo umenewu anaulongosola bwino ndi dotolo wina wa ku Scotland, dzina lache John Hunter, m'chaka cha 1762. Iye anaona kuti pali kachingwe kofewa kamene katsogolera tchende kuti lipite kumalo kwache.

Koma nthawi zina ulendo uthera panjira. Tchende liima m'chinena, pena pakamwa peni-peni pa thumba, pena litsala m'mimba, ndipo mwa apo ndi apo lisokera ndi kukakhala pambali pa njira yache. Mwa ana 10 otere, 8 dotolo atha kulikhudza ndi zala m'chinena. Mwa 2 otsalawo silikhudzika konse. Mwina liri m'mimba, mwina linafota mwana asanabadwe.

Bvutoli si lachilendo. Mwa ana aamuna 100 obadwa masiku atakwana, pafupi-fupi 3 abadwa chotero. Mwa ana obadwa masiku osakwana chiwerengero chikwera kufika ngati 30 mwa 100, chifukwa anawo atuluka ulendo uja usanathe. Ambiri mwa ana amenewa machende ao atsika okha m'miyezi 3 yoyamba. Apa agogo anena zoona. Koma mwana akakwanitsa miyezi 6 lisanatsike, ndi kamodzi-kamodzi kuti lidzatsikanso lokha. Pofika chaka chimodzi, mwana mmodzi mwa 100 akhala akali nalo bvutoli. M'dera la mfumu yaikulu iri yonse, tsono, ana otere alimo angapo.

SI MLANDU WA MAI

Tiyenera kunena poyera kuti ichi si tsempho, si mdulo, ndipo si ufiti. Sichichitika chifukwa mai anathira mchere nthawi yolakwika, kapena chifukwa bambo anayenda njira zina mkazi ali ndi pakati. Chichitika m'maiko onse, kwa Azungu, kwa Amwenye ndi kwa ife tomwe.

Madotolo apeza kuti chichuruka mwa ana obadwa masiku osakwana, mwa ana obadwa ochepa thupi, ndi m'mabanja m'mene bambo kapena mkulu wache wa mwana anali nacho. Apezanso kuti mai wosuta fodya ali ndi pakati aonjezera ngozi imeneyi. Koma mwa ana ambiri palibe chifukwa chimene munthu angaloze.

Kutemera mphini m'chinena sikuthandiza. Kumwetsa mizu sikuthandiza. Kusisita kapena kukoka sikuthandizanso, ndipo kungabvulaze mwana. Tchende lagwidwa ndi mitsempha yaifupi ndi timinofu, ndipo palibe mankhwala akumwa amene angamasule zimenezo. Ngakhale jekeseni amene madotolo ena anali kuyesa kale anathandiza mwana mmodzi yekha mwa 5, ndipo mwa ena tchende linabwereranso m'mwamba. Ndicho chifukwa chache madotolo ambiri anaisiya njirayo.

CHIFUKWA NINJI LIYENERA KUTSITSIDWA?

Wina angafunse kuti, popeza mwana samva kupweteka, adya bwino, asewera bwino, kumubvutitsa ndi mpeni nkwanji? Zifukwa zache ndi izi.

Choyamba ndi kubala. Yang'anani nkhunzi ya ng'ombe mwezi wa Okutobala dzuwa likutentha: thumba lache lilendewera pansi. Mwezi wa Juni kukuzizira likwinyika ndi kukwera pafupi ndi thupi. Ichi chiri chomwecho chifukwa mbeu ya chimuna ipangika bwino pamalo pozizirako kusiyana ndi thupi, ngati madigiri 2 kapena 3. Tchende lokhala m'mimba kapena m'chinena liri ngati chimanga cha mbeu chimene mwachisunga pamalo potentha kopitirira. Poyang'ana chioneka chimanga ndithu, koma pobzala sichimera. Kuonongeka kwache kuyamba mwana asanakwanitse zaka ziwiri, ndipo kunka kukulira chaka ndi chaka.

Pamene tchende limodzi liri kumalo kwache, mwamuna abala ndithu. Madotolo a ku America amene anatsata amuna ochitidwa opareshoni imeneyi ali ana anapeza kuti mwa amene anali ndi bvuto mbali imodzi, pafupi 9 mwa 10 anabereka ana, kusiyana pang'ono chabe ndi amuna ena onse. Mwa amene anali ndi bvuto mbali zonse ziwiri, anabereka ngati awiri mwa atatu. Koma mwamuna amene machende ache onse awiri anasiyidwa m'kati kufikira atakula, kawiri-kawiri sabala konse. Amera ndebvu, mau ache akhala a chimuna, akwatira bwino-bwino, pakuti mphamvu ya chimuna ipangika ngakhale tchende liri m'kati. Chosowa ndi mbeu yokha. Umu ndimo akazi ambiri asenzera mlandu wosakhala wao.

Chachiwiri ndi nthenda ya khansa. Nthenda imeneyi siichuruka m'machende, maka-maka kwa ife a mu Afrika, ndipo ana ochuruka a bvutoli sadzadwala nayo. Komabe tchende losatsika liigwira msanga kuposa linzache. Ku Sweden madotolo anatsata amuna pafupi 17,000 amene anachitidwa opareshoni imeneyi, ndipo anaulutsa zimene anapeza m'chaka cha 2007. Amene anachitidwa asanakwanitse zaka 13, ngozi yao inaposa ya amuna ena kawiri. Amene anachitidwa atapitirira zaka 13, inaposa kasanu. Ndiponso tchende likakhala m'thumba, mwini wache atha kumva msanga chotupa chikayamba, napita ku chipatala nthenda ikali yochizika. Likakhala m'mimba palibe amene aona kufikira zinthu zitaipa.

Chachitatu ndi kupotoka. Tchende losakhazikika lingathe kuzungulira ndi kupota mitsempha yache monga mbuzi ipota chingwe pa chikhomo. Magazi aleka kufika, ndipo likapanda kumasulidwa m'maora 6 kapena kupitirira pang'ono, lifa.

Chachinai ndi chophuka. Kanjira kamene tchende lidzeramo kayenera kutsekeka pambuyo pache. Mwa ana ambiri a bvutoli kakhala kotseguka, ndipo matumbo angathe kulowamo ndi kutupitsa chinena. Dotolo atseka kanjirako pa opareshoni yomweyo.

Chachisanu, tchende lokhala m'chinena liri pamwamba pa pfupa ndipo libvulala msanga mwana akagwa kapena akamenyedwa ndi mpira. Tisaiwalenso manyazi a mnyamata pakati pa anzache, ngakhale iye sanganene kwa makolo ache.

M'MENE MUNGAMUYANG'ANIRE MWANA

Nthawi yabwino ndi pamene mwamusambitsa ndi madzi ofunda ndipo ali phee, osalira. Manja anu akhale ofunda. Yang'anani ngati mbali ziwiri za thumba zifanana, kenaka khudzani mofatsa. Muyenera kumva tinthu tiwiri tozungulira, tosalala, tokula ngati nsawawa, kamodzi mbali iri yonse.

Pali china chimene chisokoneza makolo. Ana ambiri, maka-maka oyambira chaka chimodzi kufikira asanathe msinkhu, machende ao athawira m'mwamba akamva kuzizira, akaopa, kapena mukawakhudza pa ntchafu. Akafundidwa atsikanso okha. Mwana wotere mukamukhazika chonjuta kapena chopinda miyendo, muona kuti zonse ziri m'malo mwache. Ameneyo safuna opareshoni. Koma ndi bwino kumuonetsa kwa dotolo kamodzi pa chaka kufikira atatha msinkhu, chifukwa mwa ena tchende lotere likwera nakhazikika m'mwamba mwana akamatalika.

Ngati simunalionepo m'thumba ngakhale tsiku limodzi, kapena mukalitsitsa libwerera pomwepo mutangolisiya, pitani naye ku chipatala. Musaganize kuti kanthu kolimba kamene mukamva m'chinena ndi mwanabere. Mwanabere abwera ndi chilonda kumwendo ndipo atha, ichi sichitha.

Pa sikelo ndi pamalo pabwino pofunsira. Mupita ndi mwana kukalandira katemera ali ndi masabata 6, 10 ndi 14. Pa masiku amenewo muuzeni namwino kapena mlangizi wa zaumoyo kuti amuyang'ane, ndipo alembe m'kabuku ka mwana chimene wapeza. Anthu pa sikelo achuruka, ndipo namwino sangabvule mwana ali yense ngati mai sananene. Safunsa anadya phula.

PAMENE SIMUYENERA KUDIKIRA

Pali nthawi ziwiri zimene simuyenera kudikira ngakhale tsiku limodzi.

Yoyamba ndi pamene khanda labadwa machende onse awiri osakhudzika, kapena pamene pamodzi ndi bvutoli pokodzera pali pansi pa chida m'malo mwa kunsonga. Khanda lotere lionedwe ndi dotolo masiku oyambirira, chifukwa nthawi zina chimenechi ndi chizindikiro cha nthenda ina ya m'thupi imene itha mchere m'magazi ndi kupha khanda m'masabata oyamba ngati silinalandire mankhwala.

Yachiwiri ndi pamene mwana amene tchende lache silinatsike ayamba kulira kosatonthozeka, m'chinena mwatupa, mwafiira, mukupweteka pokhudza, kapena akusanza. Mwina lapotoka, mwina matumbo akanirira m'kanjira kaja. Nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale ndi usiku, ndipo musamupatse chakudya panjira pakuti angafunike opareshoni atangofika.

NTHAWI YABWINO YA OPARESHONI

Kuongola mtengo mpoyamba. Madotolo a masiku ano agwirizana kuti opareshoni ichitike mwana ali pakati pa miyezi 6 ndi miyezi 18. Asanakwane miyezi 6 tidikira, kapena lingatsike lokha. Ikapitirira miyezi 18 tchende liyamba kuonongeka.

Kale sizinali chomwecho. Woyamba kuichita bwino nchito imeneyi anali dotolo Thomas Annandale wa ku Edinburgh, m'chaka cha 1877, pa mwana wa zaka zitatu. Koma kwa zaka zambiri pambuyo pache, kufikira m'ma 1950, madotolo anali kuuza makolo kuti adikire mwana afike zaka 10 kapena kuposa. Atayamba kupima machende otere ndi makina oonera tinthu tating'ono, anaona kuti kudikirako kunali kuononga, ndipo anatsitsa zaka pang'ono-pang'ono kufikira pamene tiri lero. Chotero ngati mkulu wina m'mudzi akuuzani kuti ku chipatala anamuuza kale kuti adikire, sakunama ai, koma nzeru imeneyo inasinthidwa.

NJIRA YOPITA KU CHIPATALA

Yambani pa chipatala chaching'ono cha kwanu. Kumeneko adzakulemberani kalata yopita ku chipatala cha pa boma. A pa boma akamuona, adzanena ngati nchitoyo ichitikira pomwepo kapena ngati mwana atumizidwe ku chipatala chachikulu: Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba, kapena Mzuzu. Ana ang'ono kwambiri atumizidwa kawiri-kawiri ku zipatala zazikuluzi, chifukwa kugoneka khanda ndi mankhwala kufuna anthu ozolowera ndi zipangizo zache. Pa Queen Elizabeth, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 1958, pali nyumba yapadera ya opareshoni za ana yotchedwa Mercy James, imene inatsegulidwa mu Julayi 2017.

M'zipatala za Boma simulipira ndarama ya opareshoni. Chimene mufunika kukonzekera ndi ya ulendo, ndi kamba wa amene adikirira mwana: ufa, ndiwo, kamphika, nsalu zosinthira ndi sopo. Musaiwale kabuku ka mwana ndi kalata imene anakupatsani. Zipatala za mishoni zilipiritsa, chotero funsani mtengo musanapite.

Dotolo sapima ndi makina poyamba; manja ache ndiwo apeza pamene tchende liri. Musataye ndarama kukajambulitsa mwana kwina musanauzidwe.

Odwala achuruka ndipo madotolo a opareshoni za ana m'dziko muno ngochepa. Angakupatseni tsiku la miyezi ingapo kutsogolo, ndipo nthawi zina tsikulo lisinthidwa chifukwa kwabwera wodwala wa ngozi. Musataye mtima. Ichi ndicho chifukwa chinanso choyambira msanga. Ndipo tsiku likagwa m'nyengo yopalira kapena yokolola, musalilumphe. Munda abale angakugwirireni masiku atatu, koma tsiku la dotolo likapita mudzayambanso kumbuyo kwa mzere.

Nkhaniyi ikambidwe pa banja ulendo usanafike. Bambo adziwe, mwini mbumba adziwenso, kuti pasakhale wina wodzaletsa tsiku lomaliza. Kholo kapena womulera mwana ndiye asaina kapena kudinda chala pa pepala lobvomereza.

TSIKU LA OPARESHONI

Mwana apimidwa kulemera kwache, kutentha kwa thupi ndi magazi. Ngati ali ndi malungo, chifuwa chachikulu kapena magazi ochepa, ayamba amuchiza zimenezo ndi kuika tsiku lina.

Namwino adzakuuzani nthawi yoleka kumudyetsa. Kawiri-kawiri phala, nsima ndi mkaka wa m'chitini zilekedwa maora 6 isanafike nthawi, bere maora 4, ndi madzi maora 2. Lamulo limeneli lisungidwe ndithu. Mwana adzalira njala ndipo mtima wa mai udzawawa, koma mwana wogonekedwa ndi mankhwala m'mimba muli chakudya angathe kusanza, masanziwo nalowa m'mapapo. Ngati mwalakwitsa ndi kumuyamwitsa, nenani. Kuli bwino kudikira maora ena kusiyana ndi kubisa.

M'chipinda cha opareshoni mwana apumira mankhwala kapena abayidwa jekeseni, nagona tulo tosamva kanthu. Pali munthu mmodzi amene nchito yache ndi kuyang'anira kupuma ndi mtima wa mwana kuyambira poyamba kufikira podzuka.

Dotolo acheka pang'ono, ngati inchi imodzi, pa mkwinya wa khungu m'chinena. Apeza tchende, namasula timinofu timene taligwira, mosamala kuti asadule mitsempha ya magazi kapena kamtsempha ka mbeu. Amanga kanjira kotseguka kaja. Mitsempha ikamasuka italika mokwanira. Kenaka acheka kena kakang'ono pa thumba, akonza kamalo pansi pa khungu, natsitsira tchende m'menemo kuti lisabwererenso. Asoka ndi ulusi umene kawiri-kawiri usungunuka wokha. Tchende likakhala pafupi kale, kucheka kwa pa thumba kokha kukwanira. Magazi otayika ngochepa kwambiri, ndipo si nchito yofuna kuonjezera magazi.

Pamene tchende silikhudzika, dotolo ayamba wafufuzanso mwana ali mtulo. Likapanda kupezeka ayang'ana m'mimba, pena ndi kagalasi kolowetsa pa mchombo kumene chipangizocho chiripo, pena pocheka. Likakhala kutali ndipo mitsempha njaifupi, nchitoyo igawidwa pawiri, motalikirana ngati miyezi 6. Njira yotsitsira tchende la kutali chotere inachokera kwa madotolo awiri a ku Melbourne, Robert Fowler ndi Douglas Stephens, amene anailongosola mu 1959. Nthawi zina dotolo apeza kanthu kofota kopanda nchito, ndipo akachotsa. Zikatero musaope, tchende limodzi labwino likwanira kuti munthu akhale mwamuna ndi kubereka.

Tinene zoona zonse. Palibe opareshoni yopanda ngozi. Mwa ana ochepa bala lichita mafinya, mwa ena tchende likweranso ndipo lifuna kubwerezedwa, mwa ena lifota chifukwa magazi safika bwino. Koma mwa ana amene tchende linali m'chinena, oposa 9 mwa 10 zinthu ziyenda bwino. Mwa amene linali m'mimba, ngati 8 mwa 10.

POBWERERA KUMUDZI

Mwana akadzuka nayamba kuyamwa kapena kumwa bwino, atulutsidwa tsiku lomwelo kapena m'mawa mwache. Adzakupatsani mankhwala oletsa kupweteka monga Panado. Mupatseni monga momwe anenera, osaonjezera, ndipo musamupatse asipirini.

Thumba lidzatupa ndi kuda pang'ono kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Chimenecho nchozolowereka. Bala likhale louma masiku awiri oyamba, kenaka musambitseni mofatsa ndi madzi oyera ndi sopo, ndi kupukuta ndi nsalu yochapa. Sinthani thewera likangonyowa. Pa bala musapake phulusa, mafuta, mankhwala a zitsamba kapena china chiri chonse.

Masiku oyamba kuli bwino kumunyamula m'manja kusiyana ndi kumubereka kumbuyo miyendo yotangadza ndi kumanga nsalu zolimba. Funsani namwino tsiku loyambiranso kubereka. Mwana wamkulu asakwere njinga, asakwere mitengo, asasewere mpira ndipo asasambe kumtsinje kwa masabata awiri kufikira anai.

Bwererani ku chipatala msanga ngati thupi latentha, bala likutuluka mafinya kapena magazi, kutupa kukukulira-kulira, kapena mwana akukana kuyamwa. Ndipo ngakhale ali bwino, pitani pa tsiku limene anakulemberani, kuti dotolo aone ngati tchende lakhazikika ndipo likukula.

MAFUNSO AMENE MAKOLO AFUNSA

Kodi sakamufula mwana wanga? Iai. Kufula ndi kuchotsa. Nchito iyi ndi yopulumutsa tchende ndi kuliika pamalo pamene lingagwire nchito. Chida cha mwana sachikhudza, ndipo kukodza sikusintha.

Kodi khanda lingapirire mankhwala ogonetsa? Inde. Mwana wa miyezi 6 wathanzi, m'manja mwa anthu ophunzira nchitoyo, ngozi yache njaing'ono. Ndiponso khanda lipola msanga kuposa mnyamata wamkulu, ndipo silikumbukira kanthu.

Nanga mwana wanga ali kale ndi zaka 5, kapena 10? Pitani nayeni. Mwachedwa, koma simunachedweretu. Kulitsitsa kuchepetsabe ngozi ya khansa, ya kupotoka ndi ya chophuka.

Nanga munthu wamkulu? Nayenso apite. Tchende limene lakhala m'kati kufikira munthu atatha msinkhu silipanganso mbeu yokwanira, ndipo ngati linzache liri bwino dotolo angalangize kulichotsa. Mwamuna amene banja lache lisowa mwana, nadziwa mumtima kuti thumba lache silinadzale chibadwire, achite chilungamo kwa mkazi wache ndi kukapimitsa.

Mnyamata amene anachitidwa opareshoni ali khanda auzidwe akamakula. Bambo kapena malume amuphunzitse kudzikhudza posamba kamodzi pa mwezi, ndi kuthamangira ku chipatala akamva chotupa cholimba, ngakhale chisakupweteka.

MAU KWA AKULU A M'MUDZI

Inu mafumu, anankungwi, akulu a mipingo ndi aphunzitsi, anthu amva inu. Mai wachitsikana sangatsutse apongozi ache, ndipo sangapemphe ndarama ya ulendo pa nkhani imene aopa kuitchula. Muthandizeni. Amene mudziwa kuwerenga, werengerani anzanu nkhaniyi, amai paokha ndi abambo paokha ngati kutero ndiko kupepuka.

Ndipo inu amai, madzulo ano pomusambitsa mwana wanu wamwamuna, fundani manja pamoto ndi kuwerenga. Mukapeza awiri, thokozani. Mukapeza limodzi, kapena osapeza konse, uzani bambo wache usiku womwe uno, ndipo tsiku la sikelo likafika mukanene kwa namwino.